MISASA YA M'CHIPULULU NDI MISASA YA KU ANGÓNIA

Mau olankhulidwa kwa Akhristu pa Jubile ya zaka 100



Pa tsiku la chikondwerero chachikulu maso a anthu amathamangira ku zinthu zooneka. Amayang'ana tchalitchi cha njerwa, belu, sukulu, chipatala, ndi mabuku a ubatizo amene adzaza maina kuyambira masiku a agogo. Nkoyenera kutero, pakuti zonsezi ndi thukuta la anthu ndiponso mphatso za Mulungu. Komabe m'Malembo Oyera muli chikondwerero china chimene chimamtulutsa munthu m'nyumba yake yabwino, nkukamgoneka m'kanyumba ka nthambi ndi masamba. Ndicho Chikondwerero cha Misasa. Mpingo umene wakwanitsa zaka 100 m'dziko lino uyenera kuchimvetsa bwino chikondwerero chimenechi, popeza mbali yaikulu ya mbiri yake idachitikira m'misasa.

LAMULO LA MISASA

Msasa si chinthu chachilendo kwa munthu wa kuno. Mlimi amaumanga kumunda kapena kudimba kuti alindire anyani ndi nguluwe. Apaulendo akale ankaumanga dzuwa likawalowera panjira. Pa maliro ndi pa ukwati anthu amazika mphanda, nkuyalapo nsungwi ndi udzu kuti alendo apeze mthunzi. Aliyense adziwa kuti msasa sukhalitsa. Ulibe chitseko cholimba, mphepo imalowa mwaufulu, mvula ikalimba umadontha, chiswe chimaudya, ndipo ntchito yake ikatha mwini wake amausiya osatembenukanso.

Tsono ndi nyumba yotereyi imene Mulungu adalamula Aisraele kuti azikhalamo masiku 7 chaka ndi chaka. Lamulolo lili m'buku la Levitiko, mutu 23. Chikondwererocho chinkayamba pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, umene umagwa mu Seputembala kapena mu Okutobala, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chitatu pankachitika msonkhano wopatulika wotsekera. Anthu ankatenga nthambi za kanjedza, nthambi za mitengo ya masamba ambiri ndi za misondodzi ya kumtsinje, nkumasangalala pamaso pa Mulungu. Cholinga chake chidanenedwa poyera: mibadwo yam'tsogolo idziwe kuti makolo ao adakhala m'misasa pamene Mulungu adawatulutsa ku Ejipito.

Chodabwitsa chili pa nyengo imene Mulungu adasankha. Buku la Deuteronomo, mutu 16, likuti chikondwererochi chizichitika anthu atatha kututa dzinthu ndi kufinya mphesa. Kukadakhala kuno, ikadakhala nthawi imene nkhokwe zadzaza chimanga, mbatata ya kachewere yakumbidwa, nyemba zapunthidwa, ndipo ng'ombe zikudya mapesi m'minda. Pa nthawi imene munthu akuona kuti ali nazo zonse, ndi pamene Mulungu ankamuuza kuti atuluke m'nyumba, akagone pansi pa masamba.

Chifukwa chake chikupezeka m'mutu 8 wa buku lomwelo la Deuteronomo. Mose adachenjeza anthu kuti akadzadya nkukhuta, akadzamanga nyumba zabwino, zoweta zao zikadzaswana ndi chuma chao chikadzachuluka, mtima wao ungadzadzikuze, nkuyamba kuganiza kuti zonsezo adazipata ndi mphamvu za manja ao. Munthu wanjala saiwala Mulungu kawirikawiri. Amene amaiwala msanga ndi wokhuta. Motero msasa unkabwezera Mwisraele ku chipululu, kumene makolo ake adayenda zaka 40 opanda munda, opanda nkhokwe, opanda chitsime chaochao. Kumeneko mana ankagwa okwanira tsiku limodzi, ndipo amene ankasunga ena mwamantha ankapeza atagwa mphutsi. Madzi adatuluka m'thanthwe. Mtambo unkawatsogolera usana, moto usiku. Zovala zao sizidathe ndipo mapazi ao sadatupe. Mulungu mwini wake sadapemphe nyumba ya miyala m'zaka zimenezo: ankakhala m'chihema pakati pa zithando zao, akanyamuka iwo chihemacho nkunyamulidwanso.

Ayuda akusungabe mwambo umenewu, ndipo m'chinenero chao amautcha Sukkot. Kaya ndi ku Yerusalemu kapena m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America, banja limamanga msasa pabwalo kapena pakhonde, nkumadyera m'menemo sabata yathunthu, ena nkumagonamo. Denga lake liyenera kukhala la nthambi kapena bango, ndipo mwambo wao umakonda kuti likhale ndi mipata yoti munthu aziona nyenyezi. Amene wagona pansi pa denga lotere amadziwa kuti womsunga usiku umenewo ali pamwamba pa dengalo.

NYUMBA YA MIYALA NDI MSASA

Aisraele atakhazikika m'dziko lao, mfumu Solomoni adamanga Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, ya miyala yosema ndi matabwa a mkungudza. Buku loyamba la Mafumu, mutu 8, likusimba kuti nyumbayo idaperekedwa kwa Mulungu pa chikondwerero cha mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndiye kuti pa nyengo ya misasa. Anthu adabwera kudzaona nyumba yokongola koposa zonse m'dziko lao pa masiku amene lamulo linkawakumbutsa za nyumba ya masamba. Ndipo Solomoni m'pemphero lake adavomera kuti ngakhale thambo lonse silingathe kumkwana Mulungu, nanji nyumba yomangidwa ndi munthu.

Nyumbayo idaima zaka pafupifupi 400. Cha m'ma 587 Khristu asanabadwe, ankhondo a ku Babiloni adaitentha, natenga anthu ukapolo. Mfumu Kirusi ya ku Persiya itawalola kubwerera m'chaka cha 538, adapeza mabwinja okhaokha. Buku la Ezara, mutu 3, likuti adayamba ndi kumanga guwa la nsembe, nachita Chikondwerero cha Misasa maziko a nyumba yatsopano asanaikidwe nkomwe. Pambuyo pake, m'masiku a Nehemiya, anthu atamva lamulo likuwerengedwa, adapita kumapiri kukadula nthambi, namanga misasa pa madenga a nyumba zao, m'mabwalo ao, m'mabwalo a Nyumba ya Mulungu ndi pafupi ndi zipata za mzinda. Mlembi akuti chichokere masiku a Yoswa chikondwererocho chinali chisanachitikepo chotero, ndipo chimwemwe chinali chachikulu kwambiri.

Nkosavuta kumvetsa chifukwa chake. Anthu obwerera ku ukapolo sankafunika mphunzitsi wowafotokozera tanthauzo la msasa. Adaona ndi maso ao kuti miyala imagwa, koma Mulungu sadawataye. Akhristu a ku Angónia ali pafupi kwambiri ndi anthu a m'masiku a Nehemiya.

MISASA YA MPINGO WA KUNO

Ansembe Ayezuiti adakwera mapiri ano kuchokera ku chigwa chotentha cha Zambezi, kumene anali kale ndi misyoni ya Boroma pafupi ndi Tete. M'zaka za 1908 ndi 1909 adakhazikitsa misyoni ya Lifidzi pakati pa Angoni ndi Achewa, naiika m'manja mwa Francisco Xavier Woyera, mtumwi amene iyenso adafera m'kanyumba kosauka pa chilumba cha kugombe la China m'chaka cha 1552. Monga zinkakhalira pa misyoni iliyonse ya masiku amenewo, chiyambi chinali cha mitengo, dothi ndi udzu.

Ntchitoyo isanazike mizu, mphepo idaomba. Mu Okutobala 1910 ufumu udagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano lidalamula kuti Ayezuiti achoke m'maiko ake onse. M'malo mwao mudabwera ansembe a Chijeremani a chipani cha Mau a Mulungu. Iwonso sadakhalitse: m'chaka cha 1916 Germany ndi Portugal zidalowana nkhondo, ansembewo nkuchotsedwa. Zaka 10 zisanathe, Mpingo wakhanda udataya abusa ake kawiri. Padapita nthawi yaitali ansembe ali ochepa, ndipo m'midzi yambiri amene adasunga moto kuti usazime anali aphunzitsi ndi akatekisi, ophunzitsa katekisimu ndi kutsogolera mapemphero m'timatchalitchi ta udzu. Ayezuiti adabwerera ku Lifidzi m'chaka cha 1941, Papa ndi boma la Portugal atagwirizana pangano m'chaka cha 1940. Adapeza Akhristu alipo.

Pamenepo zidayamba zaka za kumanga. Misyoni ya Fonte Boa idatsegulidwa m'chaka cha 1945, masukulu adachuluka, ana a kuno adayamba kulowa unsembe ndi usisitere, ndipo m'chaka cha 1962 Tete idakhala dayosizi payokha. Munthu akadaganiza kuti masiku a misasa atha.

Dziko la Mozambique lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma lidatenga masukulu ndi zipatala zonse, ndipo m'zaka zotsatira nyumba zambiri za misyoni zidachoka m'manja mwa Mpingo, matchalitchi ena nkutsekedwa. Mu Seputembala 1977 nthumwi za madayosizi onse zidasonkhana ku Beira, nkugwirizana kuti Mpingo ukhale wa timagulu ta Akhristu m'midzi, momwe aliyense ali ndi udindo wake: wina wotsogolera mapemphero, wina wophunzitsa, wina woyendera odwala, wina woika maliro. Mpingo umene udazolowera kudalira nyumba zazikulu udabwerera pansi pa mitengo ndi m'zisakasa. Ansembe a ku Lifidzi adachoka pa misyoni, nakakhala ku Chapotera, pakati pa anthu.

Kumeneko ndiko kudachitika zimene Mkhristu aliyense wa kuno amazikumbukira ndi misozi. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti adafika, natenga ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa m'dziko lino la Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, wa ku Portugal. Onse awiri adaphedwa, ndipo mitembo yao idapezeka patapita masiku. Adadziwa kuti nthawi inali yoopsa, njira yothawira inali pafupi, koma adasankha kukhala ndi nkhosa zao.

M'MALIRE A DEDZA NDI NTCHEU

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo idafika pachimake m'zigawo zino cha m'ma 1986. Midzi idapsa, nkhokwe zidafunkhidwa, ng'ombe zimene zinali ulemu wa Mngoni zidatengedwa. Anthu a ku Domwe, a ku Ulongwe, a ku Tsangano ndi a m'midzi yozungulira Lifidzi adanyamula ana, mphasa ndi mphika, naloza kum'mawa. Kwa ambiri ulendowo sunali wautali, popeza mseu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire mwenimweni, kotero kuti pa malo ngati Lizulu munthu amangodumpha mseu nkukhala ali m'dziko lina. Koma ngakhale phiri la kwao linkaoneka ndi maso, kubwererako kunali imfa.

Dziko la Malawi, limene pa kalembera wa 1987 linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, lidalandira othawa nkhondo amene pofika 1992 adapitirira 1 miliyoni. M'maboma ena, makamaka a kumwera, adaikidwa m'makampu. Koma ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri adangolowa m'midzi, pakati pa anthu a chinenero chimodzi, mafuko amodzi, kawirikawiri a magazi amodzi, amene malire olembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'chaka cha 1891 adawagawa pakati. Nyakwawa inkaloza malo, mlendo nkuzika mphanda zake. M'mbali mwa mseu mudamera misasa yosawerengeka, ya udzu, ya mapesi, ina yofoleredwa ndi mapulasitiki. Amene adagonamo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu cha m'mapiri chikulowa mpaka m'mafupa, sadzafunsa kuti mau akuti msasa atanthauza chiyani.

Anthu amene kwao ankadyetsa Tete ndi Beira ndi chimanga ndi mbatata zao adayamba kuima pa mzere ndi khadi m'manja, kudikira ufa, nyemba, mafuta ndi mchere zimene a Red Cross ankagawa m'dzina la mabungwe a United Nations. Chakudyacho chinkangokwana mpaka tsiku logawanso. Panalibe choika m'nkhokwe, ndipo nkhokweyo panalibenso. Anali mana a masiku ano. Pemphero la Atate Athu, pamene limapempha chakudya chalero, lidamveka mwatsopano m'makutu a anthu amene kale ankalinena nkhokwe zili zodzaza.

M'misasa momwemo Mpingo udakhala ndi moyo. Timagulu tija timene tidayamba pambuyo pa msonkhano wa ku Beira tidaoloka malire pamodzi ndi eni ake. Akatekisi adapitiriza kuphunzitsa, ana adabatizidwa, maukwati adadalitsidwa, nyimbo za ku Lifidzi zidaimbidwa kuchilendo. Maparishi a m'malire a dayosizi ya Dedza adatsegula zitseko zao. Bungwe la Ayezuiti lothandiza othawa kwao, limene Bambo Pedro Arrupe adaliyambitsa m'chaka cha 1980, lidagwira ntchito pakati pa othawa a ku Mozambique, makamaka pa za maphunziro. Ndipo eni midzi, amene iwonso anali osauka, adagawana ndi alendo madzi a pachitsime, nkhuni za m'phiri ndi malo a kumanda. Chilala chachikulu cha 1992 chidagwera mlendo ndi mwini mudzi mofanana.

Pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Roma, atathandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Inali nyengo yomweyo ya chaka imene Ayuda amamanga misasa yao. Anthu a ku Angónia ambiri sadadikire magalimoto: adasenza katundu pamutu, nabwerera pansi monga adapitira. Adapeza tchire pamene panali mudzi, mabomba okwiriridwa m'njira zina, matchalitchi opanda madenga. Ndipo nyumba yoyamba imene munthu aliyense adamanga pa bwinja la makolo ake inali msasa.

FUNSO LA AMENE ADAIKA MALIRO KUCHILENDO

Pali funso limene chikondwerero chino sichingalilumphe. Pakati pa osonkhana lero pali amai amene adasiya ana ao m'manda a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ophedwa ndi chikuku, kolera kapena njala. Pali ena amene sadziwa pamene padagona bambo wao kapena mlongo wao. Pali olemala mpaka lero. Munthu wotere akamva kuti Mulungu adasunga anthu ake m'misasa, ali ndi ufulu wofunsa kuti: nanga wanga uja, bwanji sadamsunge?

Malembo sabisa kuti m'chipululu namonso mudali manda. Miriyamu ndi Aroni adafera m'njira, Mose adangoliona dzikolo ali patali, ndipo mbadwo wonse wotuluka ku Ejipito udathera mumchenga, kupatula Yoswa ndi Kalebe. Chikondwerero cha Misasa sichinena kuti wokhulupirira Mulungu sadzaona zowawa. Chimene chimanena nchakuti Mulungu anali pomwepo, chihema chake chili pakati pa zithando zao, ndipo sadawasiye ngakhale pamene iwo adamsiya.

Yankho lathunthu lidabwera ndi Ambuye Yesu. Yohane Woyera, pa chiyambi cha Mthenga Wabwino wake, pofotokoza kuti Mwana wa Mulungu adakhala munthu nakhala pakati pa anthu, adasankha mau a Chigriki amene atanthauza kumanga chihema. Mulungu adazika msasa wake pakati pa misasa ya anthu. Adabadwira m'khola chifukwa m'nyumba ya alendo munalibe malo. Ali khanda adathawitsidwa usiku kupita ku Ejipito, kuopa asilikali a Herode, monga ana a kuno adathawitsidwa kumbuyo kwa amai ao. Atakula analibe potsamira mutu. Adafera kunja kwa mzinda, naikidwa m'manda a munthu wina. Choncho mai amene adaika mwana wake kuchilendo sakulira pamaso pa Mulungu wosadziwa zowawa. Akulira pamaso pa Mulungu amene adalowa mumsasa womwewo, nagona pa mphasa yomweyo, ndipo pa tsiku lachitatu adauka.

Mpaka lero kabokosi kosungiramo Ukaristia Woyera kamatchedwa tabernakulo. Mau amenewa ndi a Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi chihema kapena msasa. M'tchalitchi chokongola chotani, malo opatulika koposa onse amatchulidwa ndi dzina la nyumba ya apaulendo. Paulo Woyera, amene ntchito yake ya manja inali yosoka mahema, adauza Akhristu a ku Korinto kuti thupi lenilenili ndi msasa umene udzapasulidwa, koma Mulungu wakonzera anthu ake nyumba yosamangidwa ndi manja. Ndipo buku la Chivumbulutso likulonjeza kuti pa mapeto Mulungu adzafunyulula chihema chake pa iwo amene adapyola m'masautso aakulu, nadzapukuta misozi yao yonse. Bambo Kamtedza ndi Bambo Moreira, pamodzi ndi ana aja a m'manda a kuchilendo, sadatayike m'manja mwa Mulungu. Msasa wao udapasulidwa msanga, ndipo adatsogola kunyumba.

ZIMENE JUBILE IKUPEMPHA

Akhristu sadalamulidwe kusunga Chikondwerero cha Misasa monga Ayuda. Koma phunziro lake likuwakhudza, ndipo kwa Mpingo wa ku Angónia lili ndi mbali zitatu.

Poyamba, kusimba. Lamulo la m'Levitiko lidaikidwa chifukwa cha ana amene sadachione chipululu. Kuno nakonso kwakula mbadwo umene udabadwa mfuti zitaleka kulira. Umaona malata, njinga zamoto ndi misika yodzaza, nkumayesa kuti zakhala chomwecho chiyambire. Makolo ambiri amakhala chete chifukwa chilonda chimawawa akachikhudza, ena chifukwa choopa kudzutsa chidani. Koma kusimba kumene Malembo akufuna sikuwerenga milandu ya adani ai. Ndi kuuza mwana kuti: pano padali tchire, banja lino lidagona mumsasa zaka zakutizakuti, wakutiwakuti adatipatsa malo, ndipo Mulungu adatibweza. Mwana amene sadamve zimenezi adzayesa kuti mtendere ndi chinthu chotola panjira, ndipo sadzausamala.

Kachiwiri, kutsegula chitseko. Buku la Deuteronomo likutchula amene ayenera kusangalala nawo pa chikondwererochi: ana, antchito, Alevi, alendo, amasiye ndi akazi amasiye. Msasa ulibe loko. Mulungu sadagwetse ufa kuchokera kumwamba pa mseu wa Dedza. Adagwiritsa ntchito manja a nyakwawa yoloza malo, a mai wogawa ndiwo, a namwino ndi a mphunzitsi. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtundu umene udalandiridwa chotere uli ndi ngongole. Mlendo akafika pakhomo, kaya wathawa nkhondo, kaya madzi osefukira, kaya njala, kaya ndi waganyu wochokera kutsidya kwa malire kudzalima m'minda ya kuno, Mkhristu wa ku Angónia alibe chifukwa chomfunsira kuti ndiwe wa dziko liti. Ayenera kumlipira molungama ndi kumpatsa pogona, pokumbukira amene adampatsa iye malo.

Kachitatu, kusagwiritsitsa. Pa phiri lija pamene Ambuye adasandulika maonekedwe, Petro adafuna kumanga misasa itatu kuti akhale pomwepo. Ambuye sadalole: adatsika nawo phirilo, kulowera ku Yerusalemu. Msonkhano waukulu wa Vatikano Wachiwiri, wa m'zaka za 1962 mpaka 1965, udakumbutsa kuti Mpingo ndi mtundu wa Mulungu umene uli paulendo. Nkwabwino kumanga matchalitchi olimba, ndipo kukhulupirira Mulungu si ulesi: mana ankafunika kukatola m'mamawa, ndipo msasa ngakhale uli wa masamba sudzimanga wokha. Mlimi alime, akolole, asunge mbeu. Parishi imange ndi kukonza. Koma mbiri ya kuno yaonetsa katatu konse, mu 1910, mu 1916 ndi pambuyo pa 1975, kuti nyumba zingathe kulandidwa ndipo ansembe angathe kuchotsedwa tsiku limodzi. Chimene chidatsala nthawi zonsezo ndi Akhristu odziwa kupemphera, mabanja okhulupirika ndi akatekisi osatopa. Parishi imene imasamala njerwa koposa anthu ameneŵa yaiwala msasa wake.

Yohane Woyera, m'mutu 7, akusimba kuti Ambuye Yesu adapita ku Yerusalemu pa Chikondwerero cha Misasa. Masiku amenewo ansembe ankatunga madzi ku dziwe la Siloamu, nkukawathira pa guwa, pokumbukira madzi a m'thanthwe ndi popempha mvula ya chaka chatsopano. Pa tsiku lotsiriza, lalikulu koposa onse, Yesu adaimirira naitana aliyense womva ludzu kuti abwere kwa Iye adzamwe. Thanthwe limene lidamwetsa Aisraele m'chipululu ndi lomwelo limene lidamwetsa Akhristu oyamba a ku Lifidzi m'katchalitchi ka udzu, ndi lomwelo limene lidawamwetsa ku Chapotera ndi m'mbali mwa mseu wa Ntcheu.

Zaka 100 zikubwerazi palibe amene adziwa chimene zidzabweretsa. Mwina zidzakhala za nkhokwe zodzaza, mwina zidzakhala ndi misasa ina. Akhristu a ku Angónia angathe kuzilowa opanda mantha, pakuti amdziwa amene adawasunga pamene denga lao linali udzu ndi nyenyezi. Iye amene adayamba ntchitoyi m'mapiri ano aipitirize, asunge amoyo, apumuze akufa, ndipo pa tsiku lomaliza asonkhanitse onse m'nyumba yake yosapasuka. Amen.